Nthambi pa Chikweza cha aNyaLungu

Ana anga, mumandiseka mukandiona nditatsika pa njinga pa kachikweza ka kuseri kwa tchalitchi, ndikuyikankha ngati munthu wosadziwa kupalasa. Mumati adadi atha. Kukalamba ndakalamba, sindikukana, koma kutsikako ndinakuyamba ndili ndi mphamvu zanga zonse, ndipo anandiphunzitsa ndi anthu awiri amene inu simunawaone. Ndalemba nkhani yawo muno kuti mukamaseka muziseka mukudziwa.

1991

Ntchito yanga yoyamba nditamaliza maphunziro a za ziweto inali ku Magodi, m'boma la Lundazi. Ndinafikako ndi sutikesi imodzi, Chinyanja cha kwathu ku Katete, ndi matama a munthu wongotuluka kumene m'kalasi. Amayi anu ananditsatira pambuyo pake, atamva kuti nyumba ilipo. Nyumbayo inalipodi, koma denga lake linali loti mvula ikagwa tinkasuntha bedi kufunafuna pouma. Bwana wathu wa ku boma anali a Sakala, munthu wovala tayi ngakhale mu Okutobala. Pondilandira anandilonjeza njinga yamoto, nati ikubwera ndi lole ya mwezi wamawa. Mpaka lero ndikuyidikira. Chimene ndinalandira ndi njinga yakapalasa yopanda belu, pampu yotuluka mpweya mbali zonse, ndi malangizo akuti: “Kumeneko muzapeza a Mtonga. Muziwamvela, koma musapikisane nawo pa njinga.” Ndinaseka poganiza kuti bwana akuchita nthabwala.

A Mtonga ndiwo ankayang'anira madibi a dera lonselo, kumene alimi ankasambitsa ng'ombe kuti nkhupakupa zisazipatse chigodola. Pamapepala a ntchito anali asanakwanitse zaka makumi asanu, koma imvi zawo ndi zidzukulu zawo zinkanena zina. Anali aafupi, ouma thupi, miyendo ngati mipini ya makasu, ndipo njinga yawo yakuda ankayisamala kuposa malaya awo. Tsiku loyamba kupita nawo kudibi yakutali kwambiri, ulendo wonyamuka m'mawa n'kufika dzuwa lili paliwombo, ndinamvetsa zimene a Sakala ankanena. Panjirapo pali chikweza chachitali, chamchenga kumunsi ndi miyala kumtunda, ndipo pakati pake pali kamudzi ndi mtengo waukulu wa mango. Ine ndinatsika tisanafike n'komwe pamtengowo, lilime lili panja. Iwo anangoimirira pamapedulo, chigubu cha mankhwala chili pakeliyala, mpaka pamwamba. Nditawapeza anali chikhalire pachishalo, phazi limodzi pansi, akundiyang'ana mwachisoni. “Mwanalume wakukhira yayi pa njinga,” anatero m'Chitumbuka, kenako anandimasulira ngati mwana: “Mwamuna satsika pa njinga, a Mbewe. Amatsika chabe pa nthambi.”

Ankanena nthambi za maliro. Mukudziwa kuti pamudzi pakagwa zovuta amadula nthambi zaziwisi n'kuziyala pamsewu, uku ndi uku, kuti wapanjinga atsike ayende pansi, wachipewa avule. Mwambo umenewu a Mtonga ankausunga kuposa Lamlungu. Akangoona masamba aawisi panjira, mabuleki, kutsika, chipewa m'manja, ndipo sankadutsa osakhala pansi kupepesa. Kupatula pamenepo, mapazi awo sankalidziwa fumbi la njira.

1992

Chaka cha chilala chija chinatiyesa. Madambo anauma, ng'ombe zinkapita kutali kukasaka madzi, ife n'kumazitsata. Mankhwala a dibi ankabwera pang'onopang'ono ngati mchere wopempha kwa mnansi. Machubu kunalibe. Tinkamata chigamba pamwamba pa chigamba, zikakanika tinkapakira udzu m'tayala n'kumanga ndi malegeni, ndipo njinga yodya udzu imalemera ngati ngolo. Tikadandaula, a Sakala ankatambasula manja n'kunena kuti nawonso galimoto ya ofesi ili pamiyala. Sankanama, tinkayiona tokha.

Ndi m'chaka chimenecho pamene ndinayamba kuchita mantha ndi a Mtonga. Tsiku lina pamwamba pa chikweza chija ndinawayang'ana bwinobwino. Milomo yawo inali yotuwa ngati phulusa, mpweya ukutuluka ndi kamluzu, dzanja limodzi lili pachifuwa ngati akufuna kanthu m'thumba la malaya. Madzulo ake akakolo anatupa moti nsapato zinavuka movutikira. M'mawa mwake, ine ndikulephera kudzuka chifukwa cha kuwawa kwa ntchafu, ndinamva belu lawo pakhomo. Ndinatuluka n'kunena mwaulemu wonse: “Adada, lelo mupumeko. Ndipita ndekha.”

Nkhope yawo inasintha ngati ndawatukana. Anatsamira pahandulo n'kundifunsa motsitsa mawu: “Akutumani a Sakala?” Ndinali ndisanadziwe kuti m'makutu mwa a Mtonga mawu akuti kupuma anali ndi tanthauzo limodzi lokha, la kupuma pantchito. Inali nthawi imene antchito ambiri ankachotsedwa, ndipo anthu ankati kupuluna, monga amachitira podulira mitengo. “Nthambi yokalamba ndiye amayamba kudula,” anatero. “Nikagona tsiku limodzi, mawa muzamva ati Mtonga walema. Nili na ana a malemu mwana wanga ku sukulu, azawadyetsa ndani? Imwe muniuza zopuma? Nizapuma kumanda.” Ndinalumbira kuti palibe wandituma, koma anali atakwera kale.

Kuyambira tsiku limenelo anayamba kupalasa mwamphamvu kuposa kale, makamaka ine ndikakhalapo. Madzi panjira sankamwa, ati amalemetsa miyendo. M'mawa ankanyamuka ndi tiyi yekha m'mimba. Akabwera kudibi yakutali madzulo, m'mawa mwake ankapita kwina, Loweruka n'kupalasanso kupita ku boma, Lamlungu kutchalitchi cha kutsidya. Ndinayesa njira zina: kunamizira kuti tayala langa laphwa, kunamizira m'mimba. Ankangondisiya n'kupita. Ndinkadziwa kuti tsiku lina mdala ameneyu adzagwa panjira osadzukanso, koma pakamwa panga panali potseka, chifukwa mawu amene akanawathandiza ndi omwewo ankawathamangitsa.

1993 ndi 1994

Mvula itabwerera, pa chikweza chija panayamba kugwa maliro. Tsiku lina tinapeza nthambi kumunsi kwenikweni, pomwe mchenga umayambira. A Mtonga anatsika, chipewa m'manja, tinakankha njinga mpaka pamtengo wa mango. Pamenepo panali patakhala mayi wachikulire, wamtali, duku lakuda kumutu. Anali aNyaLungu, amasiye amene ng'ombe zawo a Mtonga ankazisambitsa kuyambira kale. “Monire adada. Khalani pasi,” anatero akuyala mphasa. A Mtonga anafunsa kuti nyifwa, ndiye kuti maliro, ndi ya yani. “Mlongo wanga Yotamu, wa ku migodi,” anayankha. “Uthenga wabwela dzulo. Amuika komweko, ise tangokhala chabe.” Zimenezi sizinali zachilendo. Anthu ambiri ankamwalira kutali, abale n'kukhala maliro kumudzi popanda mtembo. Tinapepesa, a Mtonga anapereka pemphero lalitali, aNyaLungu anabweretsa chindongwa, lomwe ndi thobwa la kumeneko, ndi mbatata yootcha, ndipo tinakhala mpaka thukuta litauma. Nthambi zinazo tinazipeza pamwamba penipeni, choncho chikweza chonse tinachiyenda pansi.

Patapita milungu ingapo nthambi zinalinso pomwepo: azakhali a ku Mzimba. Kenako mlamu wa ku Chipata. Kenako mwana wa msuweni wa ku Lusaka. A Mtonga ankapukusa mutu. “Banja ili latha, a Mbewe. Chiuta awachitile lusungu.” Inenso ndinkamva chisoni, koma ndinaona chinthu china. Masiku a maliro mdala ankafika kudibi ali ndi mpweya wake, milomo ili bwino, akuseka ndi eni ng'ombe, ndipo madzulo nsapato zinkavuka zokha.

Chinsinsi ndinachipeza chifukwa cha munga. Tsiku lina titanyamuka pamtengopo, tayala langa linaphwa tisanafike pamwamba. Ndinauza a Mtonga kuti atsogole, ine n'kubwerera kukapempha beseni la madzi loti ndipezere pobooka. Ndinapeza aNyaLungu atavula duku lakuda lija, akukoka nthambi kuzichotsa pamsewu, uku akuimba kanyimbo ka kumunda. Ine ndinakulira m'nyumba imene ukangotchula munthu wamoyo pankhani ya bokosi unkalandira khofi. “Amama!” ndinakuwa. “Malodza awa! Malilo ali kuti?”

Sanadzidzimuke n'komwe. Anaponya nthambi kuseri kwa nkhokwe, napukuta manja pachitenje. “Mwamuna wanga anagwela apo,” anatero akuloza mwala wina kumtunda kwa mudzi. “Anali kupita ku msika ku Lundazi na matumba a nshawa pa njinga. Naye anali kukamba ati mwamuna satsika. Milomo yake inali monga ya a Mtonga. Ine sinifuna kutola mwamuna wina pa phili ili.” Ndinawauza kuti inenso ndinayesa kuwalankhula mdalayo koma anandiyesa kazitape wa bwana. “Ndiye mukhale chete,” anatero. “Mawu a munthu sakumva, koma nthambi akumva.” Ndinafunsa ngati sakuopa kupha abale awo ndi pakamwa. Anaseka mpaka misozi. “Azakhali a ku Mzimba anafa nikali mtsikana, kufa kawili sikuwawa. Mlamu wa ku Chipata kulibe, nangomupanga. Yotamu yekha ndiye namulakwila. Koma zaka zonse izi sabwela, satuma na moni. Uyo ni wamoyo?”

Ndinamata chubu changa. Anthu a pamudzipo ankadziwa zonse, ena ankang'ung'udza, koma anali ana awo ndi apongozi awo, ndipo nthambi sizinkakhalitsa pamsewu. Belu la a Mtonga linkamveka kuchokera kudambo, mayiwo n'kuthamangira kukayala, tikangodutsa n'kuchotsa. Sankachita ulendo uliwonse, ankasankha masiku otentha kwambiri. Ndinakhala chete monga anandiuzira. Lamlungu ndinkaimba nawo kwaya, mkati mwa sabata ndinkavula chipewa pamaliro abodza n'kuyankha ameni. Amayi anu nditawauza anagwira pakamwa, kenako anati: “Bola mdala ali moyo.”

1995

Chaka chimenechi a Sakala anandiuza kuti akufuna kundisamutsira ku boma, kuofesi, kunyumba ya magetsi ndi mpope pakhomo. Amayi anu anayamba kumanga katundu tsiku lomwelo, ngakhale kusamukako kunali kwa chaka chotsatira.

Mu Novembala tinapita ku boma ndi a Mtonga kukatenga mankhwala. Titachoka kuofesi tinalowa mumsika kuti iwo agule oyilo wa tcheni. Pamzere wa kapenta, tinsomba touma tija, panaima bambo wonenepa, wovala jekete lachikopa kukutentha chotero, akunenerera mtengo. Wogulitsayo anali wa ku Magodi, ndipo atationa anatiitana mosangalala: “A Mtonga, simuwadziwa awa? Ni a Yotamu Lungu, alongo awo a aNyaLungu a pa phili. Awapuluna ku migodi, abwela sabata yatha.” A Mtonga anagwetsa botolo la oyilo. Anabwerera m'mbuyo mpaka kugunda dengu la tomato, maso ali tong'o. “Imwe munafa!” anakuwa, msika wonse n'kutembenuka. “Nakupemphelelani ine! Namwa chindongwa pa nyifwa yanu!” A Yotamu anadzigwira pamimba ngati akufuna kutsimikiza kuti alipodi. Amayi a tomato ankafuna tomato wawo, anthu ankaseka, ine ndinkalakalaka nthaka itang'ambika ndilowemo.

Pobwerera tinapalasa mtunda wautali. Mutu wa a Mtonga unali kugwira ntchito, ndipo ndinkauona. Kenako anaima, phazi limodzi pansi, osandiyang'ana. “Munali kudziwa?” Ndinavomera. “Ndiye nonse munapangana ati Mtonga ni nkhalamba yoinyenga monga mwana. Navula chisote, nagwada, napemphela kwa Chiuta pa boza. Mzimayi anilila nili wamoyo!” Ndinayesa kuwakumbutsa kuti wakutsina khutu ndi mnansi, ndinawauza za mwamuna wa aNyaLungu ndi mwala uja. Sanafune kumva. “Kuyambila lelo,” anatero, “nthambi za pa phili lija nizaziponda.”

ANyaLungu atamva za kumsika sanayalenso nthambi. Ankangoima pansi pa mango ndi kapu ya madzi m'manja, a Mtonga n'kudutsa ataimirira pamapedulo, nkhope atatembenuzira kutchire. Ine ndinkatsika, n'kumwa madziwo mwamanyazi. “Muwauze amwe ngakhale kwa wina,” ankatero mayiwo. Kamluzu kaja kanabwerera m'chifuwa mwa mdala, tsopano kokulirapo, ndipo kawiri konse ndinawapeza pamwamba atatsamira pahandulo maso ali otseka.

1996

Mu Januwale mtsinje unadzaza, ndipo kwa milungu ingapo sitinathe kupita kudibi yakutali. Nkhani za kutsidyako sizinkatifika. Madzi ataphwera tinanyamuka. Tsoka silinunkha. Titafika pamchenga paja tinapeza nthambi, zambiri, zodulidwa kumene, zotseka msewu wonse. Ine ndinagwira mabuleki. Ndinaona mapazi ambirimbiri mumchenga, onse olowera kumtunda, ndiponso utsi wochuluka kuposa wa khitchini imodzi. A Mtonga sanaone zimenezo. “Wayambanso!” anatero, naimirira pamapedulo.

Ana anga, zimene ndinaona tsiku limenelo mpaka pano zimandidzidzimutsa. Munthu amene sankadutsa tsamba laliwisi osavula chipewa anaponda nthambi ndi matayala onse awiri, chipewa chili kumutu, akuliza belu ngati wogulitsa nsomba. Ndinaponya njinga yanga n'kuthamanga pambuyo pawo ndikukuwa kuti adada tsikani, koma mawu awo anaposa anga. “Wafa ndani lelo, NyaLungu?” ankafuula. “Azakhali a ku Mzimba kachitatu?” Anakhota pakona ya mudzi, ine ndili m'mbuyo wefuwefu. Pansi pa mango panali podzaza amuna, atakhala pazipika ndi pansi. Kumbali akalipentala ankapala matabwa. M'nyumba azimayi ankalira, koma atamva belu kulirako kunaduka. Mudzi wonse unangoti zii, kunangotsala kulira kwa tcheni.

A Yotamu ndiwo anaimirira. Sanakalipe. “Ni alongo anga, a Mtonga,” anatero. “Atisiya dzulo. Chifuwa chabe, masiku ochepa.” A Mtonga anakweza dzanja kuti avule chipewa, anayesa kuponya mwendo kuti atsike, ndipo anagwa pamodzi ndi njinga, chigubu cha mankhwala n'kugubuduzika mpaka pamapazi a anthu. Nditawatembenuza milomo inali yakuda. Ndinaganiza kuti tiika anthu awiri. Amuna omwewo amene anali atangonyozedwa ndiwo anawanyamula, kuwagoneka pamphasa pamthunzi, kuwamasula malaya ndi kuwakupiza. Ngolo imene inawatengera kuchipatala inakokedwa ndi ng'ombe za aNyaLungu.

Anapulumuka, koma anagona m'chipatala nthawi yaitali. Dokotala anatiuza kuti mtima watopa ndipo magazi akuthamanga kwambiri. Anafotokoza kuti thupi la munthu wamkulu silibwerera m'malo mwake usiku umodzi ngati la mnyamata. Ukapalasa ulendo wautali lero, mawa thupi likadali kukonza zimene zawonongeka, ndipo ukalikwezanso panjinga umang'amba pamene lasoka. Anati kwa miyezi ingapo njinga asayikhudze. Pambuyo pake azipalasa maulendo aafupi, tsiku lopalasa lizitsatana ndi tsiku lokhala, azidya asananyamuke, azimwa madzi asanamve ludzu, azipewa dzuwa la masana, ndipo pachikweza azitsika. Ine ndinali kumasulira, ndipo ndinazungulira ngati njira ya kumunda kuti ndisatchule mawu aja akuti kupuma. A Mtonga anandigwira dzanja. “Kambani chabe, a Mbewe,” anatero. “Nawamva kale.”

Vuto linatsala kuofesi. A Sakala anandiitana, natseka chitseko, nandifunsa mosapita m'mbali: “Mtonga angakwanitse nchito, kapena iyai?” Ndikanati sangakwanitse, akanawapuluna, ndipo zidzukulu zija zikanasiya sukulu. Ndikanati angakwanitse, akanabwerera pamaulendo onse aja, ndipo chaka chisanathe tikanawatola pamwala wa mwamuna wa aNyaLungu. Njira yachitatu inalipo, ndinali nditayiganizira masiku onse amene mdala anali m'chipatala, koma inali yowawa. Ndinawauza bwana zonse zimene dokotala ananena, osabisa kanthu. Kenako ndinati madibi akutali ndizipitako ine pamwamba pa ntchito yanga, a Mtonga azigwira apafupi modumphitsa masiku, chifukwa ng'ombe ndi eni ake amawadziwa kuposa wina aliyense amene angatumizidwe. A Sakala anandifunsa: “Mudziwa kuti mukatelo za ku boma zatha? Siningakusungileni mpando.” Ndinati ndikudziwa. “Mukana magetsi chifukwa cha mdala?” Ndinati inde bwana. Anamasula tayi pang'ono, chinthu chimene ndinali ndisanachionepo. “Akanifunsa nizakamba ati ku Magodi kuli anthu awili pa nchito ya anthu atatu. Si boza.”

Kunyumba kunali kovuta kuposa kuofesi. Amayi anu anamasula katundu mmodzimmodzi, ndipo mbale zinkalira kwambiri masiku amenewo. Anali ndi chifukwa chokwiyira: anali oyembekezera, chipatala chinali kutali, denga linkadonthabe. Ku boma tinadzapita patapita zaka zambiri, mpando uja atakhalapo anthu ena awiri. Koma ndi amayi anu omwewo amene ankatumiza phala la nsinjiro kwa a Mtonga m'mawa, ndiponso ndiwo anabisa pampu ya mdalayo kuti asayesedwe.

Atapeza mphamvu, a Mtonga anandipempha kuti ndiwaperekeze kukapepesa. Tinakwera ngolo, iwo atanyamula tambala m'khwapa. Anatsika pamchenga paja n'kuyenda pang'onopang'ono mpaka pamango, nagwada pamaso pa a Yotamu ndi ana a malemu. Anati chilichonse chimene banja linganene alipira, chifukwa zimene anachita ngakhale woledzera sachita. A Yotamu analandira tambala, namuyang'ana, nawabwezera. “Mlandu wanu si wa nkhuku,” anatero. “Ine ananipha nili wamoyo chifukwa cha imwe, koma sininakwiye. Chilango chanu ni ichi. Tsiku lililonse mukapita pano, mukafika pa mchenga muzitsika. Muziyenda pansi, muzikhala pansi pa mtengo uno mpaka thukuta liume, muzimwa madzi. Nthambi sitizakuikilaninso.” A Mtonga analira ngati mwana, ndipo palibe amene anawaletsa.

1997 mpaka 1999

Anagwirabe ntchito zaka zitatu, ndipo anapuma nthawi yawo itakwana, akuyenda ndi miyendo yawo, zidzukulu zitafika pomwe zimafuna. Chodabwitsa n'chakuti atayamba kudumphitsa masiku, tsiku lopalasa ankakhala ndi mphamvu kuposa kale, ndipo iwo eni ankavomereza monyinyirika. Inenso maulendo akutali aja anandiphunzitsa msanga kuti ntchafu za munthu si tcheni, choncho malamulo a dokotala wawo ndinawatenga kukhala anga. Ndiwo amene ndikutsatabe lero: ndikapita kumunda wa kutali Lolemba, Lachiwiri njinga imagona m'nyumba, kaya inu museke.

Nthawi zina, kukakhala kozizira, a Mtonga ankandiperekeza kudibi yakutali. Tinkanyamuka m'mamawa, kukagona komweko, n'kubwerera mawa lake. Pa umodzi mwa maulendo amenewa tinafika pamchenga paja, iwo anatsika monga mwa chilango chawo, navula chipewa, tinayamba kukankha. Msewu unali woyera, wopanda tsamba ngakhale limodzi. Kumbuyo kwathu kunabwera bambo wina wa malonda a fodya, akupalasa mwamphamvu, thukuta lili kamukamu. Ataona mdala akuyenda pansi chipewa chili m'manja anagwira mabuleki mwamantha, nayang'ana uku ndi uku kufunafuna nthambi. “Adada, mwatsika bwanji? Pali nyifwa?”

A Mtonga anayang'ana kumtunda, kumene kunali mtengo wa mango. “Ilipo,” anatero. “Ine ndiye ninachedwa kutsika.”